Dzanja Lozizira la Apongozi

Malume anamwalira Lachinayi m'mawa, m'manja mwa Kachete, ndipo sikanali koyamba.

Musagwire pamtima, Malume si munthu. Ndi chidole cha labala, chachikulu ngati bambo wodya bwino, chogona pabedi m'chipinda chimene anamwino amaphunziriramo kusamalira odwala amene matenda akuwakulira mwadzidzidzi. Chimapuma, chimaphethira, ukachigwira pamkono umamva mtima ukugunda, ndipo chimabuula ndi mawu a mphunzitsi amene amabisala kuseri kwa galasi. Ophunzira anachitcha Malume poti chimadwala nthawi imene iwe sunakonzeke, n'kufuna kuti aliyense asiye zake.

Tsiku limenelo wotsogolera gulu anali Kachete. Dzinali anamupatsa ndi anzake, chifukwa mtsikanayu akamalankhula umachita kutchera khutu ngati akukuuza miseche. Kuona anaona ndithu. Anaona chifuwa cha Malume chikukwera n'kutsika mothamanga, anaona milomo ikuda. Koma m'malo mokuwa, anatembenukira kwa anzake n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, mwina wina akanabweretsa okosijeni."

Wina ndani? Anzakewo anangoyang'anana, aliyense akuyesa kuti apita ndi mnzake. Makina analira kuti tiiii, Malume n'kuuma gwa.

Mphunzitsi anatuluka kuseri kwa galasi kuja. Anali mayi wamfupi wa imvi, amene onse ankamutcha a Mwaonanji, poti ndilo linali funso lake m'mawa ndi madzulo.

"Mwaonanji, namwino?"

"Amapuma mothamanga, aphunzitsi. Milomo inada."

"Ndiye munauza ndani?"

Kachete anayang'ana nsapato zake.

"Maso muli nawo, abwino kuposa a aliyense muno. Koma mukaona n'kukhala chete, munthu amafa chimodzimodzi ngati simunaone. Lozani munthu mmodzi ndi chala. Muuzeni chinthu chimodzi. Abwereze zimene mwanenazo, mudziwe kuti wamva. Kaya ndi dokotala, kaya ndi agogo anu, lozani! Zopepesa mudzachita wodwala akadzuka." Anakoka nsalu n'kumufunditsa Malume kumutu, kenako anatembenukira kwa onse. "Ndipo musamangodalira makina. Wodwala wolongolola akakhala phee, waukali akayamba kukusekererani, musakondwere kuti mwamufewetsa mtima. Thamangani."

Kachete anatuluka m'chipindamo. Atayatsa foni anapeza uthenga wa Mawotchi, chibwenzi chake: "Amayi avomera kukuona. Loweruka masana. Kuno manja akungonjenjemera, masikuluwu onse ali pansi."

Mantha a Malume anathera pomwepo, m'malo mwake munalowa ena aakulu.

* * *

Mawotchi ankakonza mawotchi m'kanyumba ka malata pafupi ndi pokwerera basi. Anadziwana pamene wotchi ya pachifuwa ya Kachete inaima. Mnyamatayo anaikonza tsiku lomwelo, koma anakhala akumuuza kuti, "Mubwere mawa, kachitsulo kena sikanapezeke," mpaka mtsikana anazindikira kuti chimene chikukonzedwa apa si wotchi ayi.

Madzulo amenewo Kachete anamupeza atavala kagalasi kake pa diso limodzi. Anakhala pa benchi n'kumugwira pamkono, akusuzumira wotchi yake ija.

"Wayambatu," anatero Mawotchi akuseka. "Mtima wanga ukuti bwanji, asisitala?"

"Sindikumvera mtima. Ndikuwerenga mmene ukupumira."

"Nanga mkonowu waugwiriranji?"

"Kukupusitsa. Munthu ukamuuza kuti ndikuwerenga kapumidwe kako, amayamba kupuma mwaulemu ngati waima pamaso pa abwana. Ndiye timagwira mkono, iye n'kumayesa tili ndi mtima, pamene maso athu ali pachifuwa. Pakamwa wodwala amatha kunena kuti ndili bwino, chifuwa chikunena zina."

"Iii, ufiti weniweni! Ndiye wapeza chiyani?"

"Uli ndi mantha."

Kuseka kuja kunazima. Mawotchi anavula kagalasi n'kukaika patebulo.

"Ndili nawodi. Tamvera, Loweruka usakatchule chipatala. Ngakhale munthu atayetsemula, iwe ungoti pepani. Wotchi yakoyi ukaibise m'chikwama."

Kachete ankadziwa chifukwa chake. Bambo ake a Mawotchi anamwalirira m'chipatala zaka zapitazo. Mayi ake anapita mobwerezabwereza kukauza anamwino kuti mwamuna wawo sakuoneka bwino, iwo n'kumayankha kuti, "Akugona, musawadzutse." Pamene ankabwera kudzawadzutsa n'kuti atazizira kale. Chichokereni tsiku limenelo mayiwo sanapondenso pachipatala, ndipo namwino aliyense kwa iwo anali wakupha wovala zoyera. Kachete anakumanapo nawo kamodzi, pa kanyumba komweka. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa mwana wawo kuti, "Kodi akazi atha padziko pano?"

"Nanga akakandikana?" Kachete anafunsa.

Mawotchi anakanda m'mutu. "Iwe ukudziwa kuti mwana wamwamuna ndine ndekha. Sindingalowe m'banja amayi akulira. Koma sakakukana. Ukangokhala chete basi. Nanga si ndiwe katswiri wake?"

Nthabwala imeneyo sinamuseketse Kachete. Anamukonda mnyamatayu ndi mtima wonse, ndipo tsopano anali atamva ndi makutu ake kuti chikondi chonsecho chapachikidwa pa masana amodzi.

* * *

Kachete ali m'basi, pa foni panalowa uthenga. Nambala inali yachilendo, koma mwini wake sanavute kumudziwa. Anali Wasaluni, mtsikana wa nyumba yoyandikana ndi kwa a Mawotchi, amene ankawaluka tsitsi amayi sabata iliyonse. Ameneyu ndiye amayi anamusankhira mwana wawo, ndipo Mawotchi anayendapo naye asanadziwane ndi Kachete.

"Ndamva kuti mukubwera kwathu Loweruka. Tiyi mumakonda wamkaka kapena wopanda? Ndikufuna ndikulandireni bwino."

Kwathu! Kachete anayang'anitsitsa liwu limenelo mpaka anapitirira potsikira. Anabwerera wapansi, foni ili kukhutu, akumuimbira Mawotchi.

"Mkazi wako wandilembera."

"Mkazi wanga uti? Aaa, uyo? Musiye, amangothandiza amayi."

"Akuti kwathu."

"Ndi kalankhulidwe chabe, iwe. Anakulira pakhomo pomwepo."

"Nambala yanga waitenga kuti?"

"Kaya, mwina kwa achemwali."

"Unasiyana naye liti kwenikweni?"

"Kalekale! Bwanji ukudzivutitsa? Kagone, mawa uli ndi Malume."

Mawu ake anali okoma ngati nthawi zonse. Koma vuto la foni ndi limeneli, sungamugwire munthu pamkono.

* * *

Loweruka kunatentha koopsa. Kachete anavala diresi lalitali losakuwa mtundu, wotchi anaiponya pansi penipeni pa chikwama. Chitseko anatsegula ndi achemwali ake a Mawotchi, mayi wa thupi lake, wogulitsa nsalu kumsika, amene akanong'ona amamveka kunyumba yachitatu.

"Ndinu amene? Lowani. Chikwamacho musachiike patali, simukhalitsa."

Pabalaza khoma lonse linali mawotchi okhaokha, aakulu ndi aang'ono, onse akuyenda, ntchito ya mwana wa nyumbayo. Wasaluni anatulukira kukhitchini atanyamula thireyi, atavala epuloni ya amayi, perefyumu ali patsogolo iye pambuyo. Anamwetulira mano onse, maso osamwetulira. Amayi anali pa sofa atafunda bulangete mpaka m'khosi, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Kachete anawerama n'kupereka moni ndi manja awiri, akudikira mawu obaya.

"Wabwera, mwana wanga?" Mawu a amayi anali ofewa, okoka. "Khala apa, pafupi ndi ine. Ndimakudikira."

Mawotchi anayasama, kenako nkhope yonse inawala ngati mwana wogulidwa nsapato zatsopano. Achemwali anaiwala kukhala pansi. Makapu a pa thireyi ya Wasaluni anagundana kuti ngwee.

Kachete anakhala. Misozi inali pafupi, abale, pakuti mawu amenewa anakhala akuwalota miyezi yambiri. Amayi anamugwira dzanja n'kuliika pa bulangete, akulisisita.

Dzanja lawolo linali lozizira, lonyowa ngati nsalu yoyanikidwa m'nyumba.

Palibe anamutuma. Zala zake zinatsetsereka zokha n'kukafika pamkono. Mtima unkagunda mothamanga koma mofooka, umachita kuufunafuna. Maso ake anagwera pa bulangete, pamene linkakwera ndi kutsika, kenako pa wotchi yaikulu ya pakhoma. Anawerenga. Mphindi isanathe, chiwerengero chinali chitadutsa kale pamene a Mwaonanji amati munthu usiye chilichonse. Anafinya chikhadabo cha amayi pang'ono, chinayera mbee, magazi n'kuchedwa kubwerera. Pansi pa fungo la perefyumu panali fungo lina limene namwino saliiwala, ndipo linkachokera ku phazi lomangidwa kansalu lomwe linkasuzumira kunsi kwa bulangete.

Waukali akayamba kukusekererani. Mawu a aphunzitsi aja anamubwerera m'mutu.

"Waona?" Mawotchi anamunong'oneza akumupatsa kapu. "Ndinakuuza ine! Akukonda!"

"Amayi," Kachete anatero mwaulemu wonse, "kodi lero ndi lachingati?"

Amayi anamwetulira, zikope zikulemera. "Bambo ako sanaweruke? Muwasungire madzi osamba."

Kenako achemwali anaseka kuseka kouma.

"Ndi tulo timeneto. Anatentha thupi masiku apitawa chifukwa cha kabala ka paphazi, koma lero thupi lazizira, achira. Akugona, musawadzutse."

Kachete anayang'ana Mawotchi kuti aone ngati wawamva mawu amenewo. Sanawamve. Anali kalikiliki kuthira tiyi, chimwemwe chitamutseka makutu.

Akakhala chete, amwa tiyi wake, atsanzika, atuluka m'nyumba muno ali mpongozi wolandiridwa pamaso pa mboni. Akatsegula pakamwa n'kutchula chipatala, zonse zithera pomwepa. Nanga akakhala kuti walakwitsa? Akakhala kuti ndi tulodi?

"Pepani," ananong'ona, "mwina wina akanaitana galimoto."

"Shuga masupuni angati?" anafunsa Wasaluni.

Palibe anamva. Mutu wa amayi unapendekera paphewa pa Kachete, wolemera, ndipo m'makutu mwake munalira makina a Malume aja. Koma awa sanali a labala, oti mawa mphunzitsi awayatsanso.

Anawagoneka chammbali pa sofa, n'kuimirira. Analoza Mawotchi ndi chala.

"Iwe! Thamangira kumsewu, ubwere ndi galimoto pakhomo pano. Amayi akupita kuchipatala. Bwereza!"

Mawotchi anadzitayira tiyi pamalaya. "Iwe, si tinagwirizana kuti..."

"Bwereza zimene ndanena!"

"Galimoto... pakhomo pano."

"Thamanga!"

Anatuluka ngati wapirikitsidwa ndi galu. Chala chija chinatembenukira kwa achemwali.

"Inu, sonkhanitsani mankhwala onse amene amayi akumwa, muike m'jumbo. Bwerezani."

"Ati chiyani?" Achemwali anagwira m'chiuno. "Ndibwereze? Ine? M'nyumba ya mayi anga, kamwana kobwera lero lomwe kandiloze chala ngati ndili ku sukulu ya mkaka?"

"Mudzandinyoze mawa, achemwali, ndidzabwera ndekha kudzamva. Pano bwerezani."

"Mankhwala m'jumbo." Mawuwo anatuluka okha, ndipo amene anadabwa nawo kwambiri anali achemwali eni ake.

"Iwe wa thireyi, ika pansi. Amayi anataya madzi komaliza liti?"

Funso lotere, lokhudza apongozi, pabalaza masana! Koma Wasaluni manyazi anali atamuthawa, anatsala ndi mantha okha.

"Dzulo m'mawa, ndikuganiza. Sakumwa kanthu. Balalo ndimawatsuka ndine ndi sipiliti wa ku saluni, anati tisauze munthu. Ali ndi shuga, koma mapilitsi anasiya..." Anayamba kulira.

"Ulire pambuyo. Gwira mutu wawo chonchi, usausiye."

Kachete anaimba foni kuchipatala kumene ankaphunzira. Anadzitchula, n'kunena za mayi wa shuga wa bala lonunkha, wozizira manja, wopuma mothamanga, wosokonezeka mutu. Anamaliza ndi kuti, "Ndikuganiza kuti matenda a m'balamo alowa m'magazi. Tikamafika tipeze bedi, diripi ndi dokotala." Mawu amene ankatuluka pakamwa pake iye mwini sanawazindikire.

Hutala inalira panja. Achemwali anali ataima pachitseko, jumbo ili m'manja. Ulendo uno sanakuwe, ndipo kutsika kwa mawu awoko ndi kumene kunaopsa.

"Bambo analowa m'chipatala akuyenda okha, tinawatulutsa ali m'bokosi. Amayi analumbira kuti sadzapondako. Mukawatenga lero n'kukafera kumeneko, mudziwe kuti mwawapha ndinu, ndipo mlongo wangayu mudzangomuonera patali."

Kachete ankadziwa bwino kuti akhoza kukaferadi kumeneko, ngakhale panjira pomwe.

"Ndamva, achemwali. Tsegulani chitseko."

* * *

Galimoto imene inapezeka inali yaing'ono. Mawotchi anakhala kutsogolo akukalipira dalaivala, Kachete kumbuyo, mutu wa amayi uli pamiyendo pake. Achemwali ndi Wasaluni ankatsatira pa ina.

Wodwala wotere sumusiya kuti azime, umamulankhulitsa kuti udziwe ngati akadali nawe.

"Amayi, musagone. Ndilankhuleni."

Amayi anakweza dzanja lozizira lija n'kumusisita patsaya. "Ndiwe mwana wabwino. Tsitsi langali undiluka liti? Lasokonekera."

Kuluka tsitsi? Ndiye kuti "mwana wanga" uja, "ndimakudikira" uja, sizinali zake. Chilowereni m'nyumba muja, amayi akamuyang'ana ankaona Wasaluni.

Zikope za amayi zinayamba kugwa. Kachete anawagwedeza paphewa.

"Lankhulanibe, amayi. Ndikumva."

"Usaope iwe." Mawu anali otsika, obisala pansi pa phokoso la injini. "Mimbayo isanaoneke tikhala titakonza zonse. Namwino uja ndamuitanitsa dala, ndimuuze ndekha pamaso kuti atisiye. Wabwera?"

"Wabwera, amayi."

"Usamupatse kapu yabwino."

Kachete anayang'ana pankhongo pa Mawotchi. Sanamve kanthu, anali akukuwa kuti, "Imbani hutala, bambo, imbani!" Mtsikana ankafuna kutseka makutu, ankafuna kutsegula chitseko n'kudzigwetsa mumsewu. Koma zala zake zinali pamkono paja, ndipo mtima wa amayi unkangopita kutali.

"Pitirizani, amayi. Musagone. Ndiuzeni zonse."

Misozi ikudonthera pa bulangete, anawapempha ndi pakamwa pake kuti apitirize kumubaya. Ndipo amayi anapitiriza, za kabedi ka mwana kamene kali m'chipinda cha katundu, za mtundu wa ubweya wolukira kachipewa, mpaka galimoto inalowa pageti la chipatala.

* * *

Pakhomo anapeza anthu akudikira ndi bedi la matayala. Kachete anabwereza zonse zimene anaona, anapereka jumbo ya mankhwala, chitseko cha wodi n'kutsekeka patsogolo pake. Apa sanalinso namwino, anali wachibale, ngakhale kuti chibalecho chinali chokayikitsa.

Anakhala pa benchi ya m'khonde. Dzuwa litapendeka anatuluka dokotala, mtsikana wa magalasi wotopa nkhope.

"Mwafika nawo nthawi yake, mukanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina. Koma sindikulonjezani kanthu. Tawaika diripi ndi mankhwala amphamvu, tione mmene thupi liyankhire."

"Mwamva?" achemwali anatero osamuyang'ana Kachete. "Sanalonjeze." Anakakhala kumapeto kwa benchi, manja atapinda pachifuwa.

Posakhalitsa Wasaluni anadzambatuka, dzanja lili pakamwa, n'kuthamangira panja. Anabwerako nkhope itanyowa, n'kukhala pafupi ndi achemwali, chikwama atachikumbatira pamimba. Kachete anayamba kudzitsutsa yekha. Fungo la chipatala limasanzitsa anthu ambiri. Wodwala wosokonezeka mutu amalankhula zopanda mutu, nanga si amayi omwewa amene amafunsa za mwamuna amene anaikidwa kalekale? Zimenezi anaphunzira, mayeso ake anakhoza. Koma mantha sanafune kumva za maphunziro.

Mawotchi anabwera kudzakhala pambali pake, malaya ali ndi banga la tiyi.

"Sindimadziwa kuti uli ndi mawu otere, asisitala. Mpaka pano miyendo yanga ikufuna kuthamangabe." Anayesa kuseka. "Ukanapanda iwe..."

Anatambasula dzanja. Kachete analilandira, n'kuligwira pamkono.

Sanafunse msanga. Munthu amene wathamanga, amene walira, amapuma mothamanga, ndipo ukamuwerenga nthawi imeneyo umamunamizira. Anadikira. Anamusisita ndi chala chachikulu, anamukumbutsa za dalaivala uja amene ankapemphera uku akutukwana, mpaka mapewa a mnyamata anatsika, chifuwa n'kumayenda pang'onopang'ono ngati cha munthu wofuna kugona. Pakhoma la khonde panali wotchi.

"Ndikufunse kanthu?"

"Funsa."

"Wasaluni ali ndi pakati?"

"Aaa, iwe! Zachokera kuti zimenezo?" Anaseka, mawu osagwedera ngakhale pang'ono. "Ine ndingadziwe bwanji za mimba za anthu? Ndinakuuza kuti zija zinatha kalekale."

Pakamwa panayankha bwino. Koma pansi pa zala za Kachete mtima unadumpha, ndipo banga la tiyi lija linayamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Mtsikana anapemphera chamumtima kuti maso ake amunamize, kamodzi kokha pa moyo wake. Mawotchi anatsatira maso akewo n'kuona pamene agwera. Anakumbukira. Anakoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mwaulemu, ngati waima pamaso pa abwana. Kenako anasolola mkono wake n'kuupisa m'thumba.

"Tamvera kaye, ndikufotokozera..."

Chitseko cha wodi chinatseguka, namwino wina wachikulire n'kusuzumira.

"Abale a mayi aja a phazi? Atsegula maso, mutu wayamba kubwerera. Ayamba kale kukalipa kuti wawabweretsa kuno ndani."

Achemwali anakweza manja kumwamba, akuthokoza Mulungu mokweza mpaka khonde lonse linatembenuka.

"Koma alowe mmodzi yekha," anapitiriza namwinoyo. "Akuti akufuna mpongozi wawo."

Kachete anaimirira asanaganize. Kumapeto kwa benchi, Wasaluni nayenso anali ataimirira, chikwama chili pamimba. Namwino uja anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anatembenukira kwa Mawotchi, amene anali chikhalire, manja ali m'thumba.

"Bambo, mkazi wanu ndi uti apa?"